Radiopaedia pa CT ya m'mutu: yandithandiza pati, nanga imathera pati

Anzanga a chaka chachitatu cha maphunziro a udokotala akhala akundifunsa ngati webusaiti ya Radiopaedia ili yothandizadi kapena ndi yongomaliza bandulo. Ndaona kuti ndingolemba kamodzi, aliyense aziwerenga yekha. Ndikamba za CT, sikani yojambula mkati mwa thupi chigawochigawo ndi X-ray, ya m'mutu yokha, chifukwa ndiyo ndaigwiritsira ntchito kwambiri. Za pachifuwa ndi za m'mimba akafotokoze ena. Pa nkhani yophunzitsa diso kuwerenga sikani ya ubongo, palibe buku limene ndinagwirapo lomwe likufikapo. Koma ndi malo oti munthu ukangolowa chilowelowe umasochera. Mutha kutha mwezi wathunthu mukugoma ndi zotupa zodabwitsa zimene mwina simudzakumana nazo mpaka kupuma pa ntchito, kenako n'kungoti kakasi a registrar, madokotala amene akuphunzira ukatswiri, akakufunsani ngati agogo amene agwa kubafa aja ali ndi magazi m'mutu kapena ayi.

Kwa amene sanailowepo: anaiyambitsa mu 2005 ndi Frank Gaillard, dokotala wa zojambula wa ku Melbourne, ku Australia, yemwe ukatswiri wake ndi wa ubongo womwewu. Mwina n'chifukwa chake gawo la m'mutu lili lonona chonchi. Muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. Muli nkhani zofotokoza matenda, zolembedwa ndi madokotala ongodzipereka n'kuunikidwa ndi akonzi. Ndiye muli ma case, omwe ndi zithunzi za odwala enieni zochotsedwa mayina, zotumizidwa ndi madokotala a m'mayiko osiyanasiyana. Kuwerenga n'kwaulere, kungoti m'mbali mumatuluka zotsatsa malonda. Nkhanizo ndi zolondola koma zouma, zolembera anthu amene radiology ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ine ndimaziwerenga pokhapokha case ikandisiya ndi funso. Chuma chenicheni chili m'ma case.

Chifukwa chake ndi ichi. M'buku amakupatsani chithunzi chimodzi, chosankhidwa bwino, chokhala ndi kamuvi koloza pamene pali vuto. Kuwodi palibe amene adzakuikireni kamuvi. Gadiyani adzakupatsirani CD ili mu envulopu, kapena adzakukhazikani pa kompyuta pali zithunzi makumimakumi zoyambira pansi pa chigaza mpaka paliwombo, ndipo vutolo likhoza kukhala pa ziwiri zokha mwa zonsezo. Radiopaedia imakupatsani mulu wonse. Mumasereretsa chala pa foni kapena kuzunguza kagudumu ka mouse, mutu n'kumatseguka pang'onopang'ono: maso akubwera n'kutha, ma ventricle, omwe ndi timatumba ta madzi mkati mwa ubongo, akuyamba ngati timizere, akukula, akuthanso. Kuona chinthu chikuyamba, chikukula, chikutha, ndiko kumakudziwitsani kuti kadontho koyerako ndi mtsempha umene ukupitirira pa chithunzi chotsatira, osati magazi okha. Luso limeneli silibwera powerenga. Limabwera m'chala.

Chinthu choyamba chimene ndimauza aliyense: musayambe ndi matenda. Lembani "normal CT head" pamalo ofufuzira ndipo mukhale pamenepo mpaka zikutopetseni. Onani mutu wa mnyamata wa zaka 20, umene ubongo wake wadzaza chigaza thothotho moti mikwingwirima yake siioneka kwenikweni. Kenako onani wa agogo a zaka 80, umene wafota, mikwingwirima yayasama, ma ventricle atambasuka. Yonse iwiri ndi yabwinobwino kwa eni ake. Koma sikani ya mnyamata uja mukaipeza mwa agogo, ubongo wodzaza chotero, muyambe kuda nkhawa kuti watupa kapena pali china chikuukankha mbali zonse. Muphunziranso msanga zinthu zoyera zimene zimaopsa munthu wachilendo pachabe: pineal gland yomwe imawala pakatikati, choroid plexus yowala kumbuyo kwa ma ventricle onse awiri, falx, chikopa cholekanitsa mbali ziwiri za ubongo, yomwe nthawi zina imakhala ndi calcium. Ndipo mudzaona kuti wodwala akagona mopendekeka mu makina, mbali imodzi imaoneka yosiyana ndi inzake popanda vuto lililonse. Musaiwale kuti chithunzi mumachiona ngati mwaima kumapazi kwa wodwala, ndiye kumanzere kwa sikirini ndi kumanja kwa munthu. Zimaoneka zachibwana kuzinena, koma ndi zimene zimalembedwa mu fayilo n'kupita ku thiyeta.

Nkhani ya manambala ndiyo inandisangalatsa, ndipo pano webusaitiyi imafotokoza mwachidule kuposa mabuku ambiri. Kadontho kalikonse pa CT kali ndi nambala yosonyeza kulimba kwa chinthucho, yotchedwa Hounsfield unit. Madzi ndi 0, mpweya ndi −1000, mafuta ali cha m'ma −100, fupa lolimba limafika 1000 n'kupitirira. Madzi a mu ubongo ali pang'ono pamwamba pa 0. White matter, mnofu wa mkati mwa ubongo, ili cha m'ma 25 mpaka 30, grey matter, umene wambiri uli chakunja, cha m'ma 35 mpaka 40, ndipo magazi oundana kumene amakhala pakati pa 50 ndi 80. Taonani mmene ubongo wonse wapanikizikira m'kachigawo kakang'ono ka sikelo yaitali chonchi. N'chifukwa chake pali ma window: mumauza kompyuta kuti ionetse manambala a pakati pa apa ndi apa okha, zapamwamba zonse ziyere, zapansi zonse zide. Window ya ubongo imakhala yotambalala 80, pakati pake pali 40. Ya mafupa imatambalala m'ma 2000 kapena kuposa. Pali inanso ya pakati, cha m'ma 200, yofunira magazi opyapyala amene amamatirira kufupa n'kubisala m'kuyera kwake.

Dzina la manambalawa ndi la Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI, amene makina ake anajambula wodwala woyamba mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, ndipo inali sikani ya m'mutu yomweyi. Mphoto ya Nobel ya 1979 anagawana ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene masamu ake a nkhaniyi anayamba kuwaganiza akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Izi sizibwera pa mayeso. Ndimangokonda kukumbutsa anzanga kuti theka la nzeruzi linayambira kumwera kwathu kuno.

Tsopano ku ndondomeko yowerengera. Radiopaedia siikukakamizani njira imodzi, ndipo wina anganene kuti apa yasiya mpata. Ine ndinatenga ija yodziwika ya madokotala a ku casualty, "Blood Can Be Very Bad", imene Andrew Perron ndi anzake anafalitsa mu 1998. Zilembo zoyambirira za mawu asanuwa zikuimira mayina a Chingerezi a zoyenera kuyang'ana: magazi, ma cistern, ubongo weniweniwo, ma ventricle, kenako mafupa. Ubwino wake ndi woti imakuletsani kusiya kufufuza mukangopeza chinthu choyamba. Munthu ukaona chibuluma cha magazi mtima umadumpha, umafuna kuthamangira kukanena, osayang'ananso kuti fupa la pansi pa chigaza lasweka kapena kuti mbali inayo kulinso magazi ena ochepa. Ndimatsegula case, ndimabisa yankho, ndimalemba papepala mizere isanu ya zilembo zija, kenako ndiye ndimatsegula zimene mwini case analemba. Webusaitiyi ili ndi njira yoonera case ngati mafunso, dzina la matenda litabisika, ndipo muli ma playlist amene anthu anasonkhanitsa kale. Popanda kubisa yankho mukungodzinamiza, chifukwa mutu wa case ukangoti "subdural haematoma", diso limapeza magaziwo ngakhale likanawadutsa.

Pa zilembo zisanuzo, chimene ophunzira timachinyalanyaza ndi ma cistern, timipata ta madzi tozungulira tsinde la ubongo. Sitioneka tosangalatsa. Koma tikafinyika n'kutha, ndiye kuti ubongo ukutsikira kumene suyenera kupita, ndipo wodwalayo alibe nthawi. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Muli ubongo, magazi ndi madzi, ndipo china chikawonjezeka, china chiyenera kuchoka. Madzi ndiwo amayamba kuthawa. Ndiye musanayambe kufunafuna dzina la matenda, yang'anani ngati madzi aja akadalipo pamalo pake, yang'anani ngati mzere wapakati wasunthira mbali ina ndipo ndi mamilimita angati. Ma temporal horn, nsonga za m'munsi za ma ventricle, nawonso: mwa munthu wamng'ono amayenera kukhala timing'alu tosaoneka bwino, ndipo akayamba kutukumuka, ndicho chizindikiro choyambirira chakuti madzi akusowa kotulukira.

Magazi a pakati pa fupa ndi ubongo ndiwo Radiopaedia imawaphunzitsa bwino kuposa china chilichonse, chifukwa ma case ake ndi ochuluka zedi. Tonse tinauzidwa za ndimu ndi nthochi. Extradural, magazi a pakati pa fupa ndi chikutiro cha ubongo, imatukumuka mbali zonse ziwiri ngati ndimu, siidutsa pamene mafupa a chigaza analumikizana, kawirikawiri imachokera ku middle meningeal artery fupa la pafupi ndi khutu likasweka. Subdural, magazi a pansi pa chikutirocho, imapindika ngati nthochi motsatira ubongo, imadutsa polumikizana mafupa paja koma imaima pa falx, ndipo imachokera ku timitsempha tating'ono tolumikiza ubongo ndi chikutiro chake, timene timaduka mosavuta mwa okalamba ndi mwa omwa mowa kwambiri. Zimenezo ndi za m'kalasi. Chimene webusaitiyi imawonjezera ndi kukuonetsani subdural pa misinkhu yake yonse: yoyera masiku oyambirira, yofanana ndendende ndi ubongo pakatha sabata imodzi mpaka atatu, yakuda ikakhalitsa, ndi ina yosakanikirana pamene magazi atsopano atayikira pa akale n'kukhazikika pansi.

Yofanana ndi ubongoyo ndiyo yoopsa, ndipo ndinaiona ndi maso. Anabwera nawo bambo wina wachikulire, mlimi, wochokera kuboma lina ndi kalata. Ana awo ankati masabata apitawo anagwa panjinga yakapalasa pobwera kudimba, anadzuka okha, anapitiriza ntchito. Kenako anayamba kuiwalaiwala, kugonagona masana, kukoka mwendo wakumanzere. Kumudzi ena anati ndi ukalamba, ena anati ndi zina zimene mukuzidziwa. Sikani itatuluka, a registrar anatiitana tonse pa kompyuta.

"Adokotala a mawa, tandiuzani. Mukuonapo magazi?"

Panalibe choyera chilichonse. Mnzanga wina anati mwina ndi sitiroko yakale. A registrar sanayankhe, anangoloza ndi cholembera m'mphepete mwa ubongo kumanja kwa wodwala.

"Mikwingwirima ya mbali iyi ikuthera pati? Ikufika kufupa?"

Siinkafika. Inkathera pafupifupi sentimita ndi theka kuchokera kufupa, ndipo pakati pakepo panali chinthu chotuwa ngati ubongo koma chosalala, chopanda mizere. Ventricle ya mbali imeneyo inali yofinyika, mzere wapakati utakankhidwira kwina. Mkulu wa ana aja, mayi wa mpango wobiriwira amene anaima pakhomo nthawi yonseyi, anafunsa motsitsa mawu kuti, "Adokotala, ndiye kuti bambo apenga?" A registrar anatembenuka n'kunena kuti, "Ayi mayi, sanapenge. Muli magazi akale amene akupanikiza ubongo, ndipo amachotseka." Anawaboola timabowo pachigaza tsiku lotsatira. Ndikunena izi chifukwa usiku womwewo ndinalemba "isodense subdural" pa Radiopaedia ndipo anatuluka ma case ambirimbiri ofanana ndi bambo aja, ena a mbali zonse ziwiri pamene mzere wapakati susuntha n'komwe chifukwa akukankhana mofanana. Kuwodi mungadikire chaka kuti muone iwiri. Pamenepo ndi pamene webusaitiyi imaposa chilichonse: chimene mwaona kamodzi masana mumachiona kambirimbiri madzulo, chikadali chotentha m'mutu.

Manambala ochepa oti muwasunge, chifukwa a neurosurgery, ochita opaleshoni ya ubongo, akayankha foni usiku ndi amene amafunsa. Subdural yatsopano yokhuthala kuposa mamilimita 10, kapena yosuntha mzere wapakati kuposa mamilimita 5, malangizo a Brain Trauma Foundation amati ichotsedwe. Extradural yoposa mamililita 30 chimodzimodzi, ngakhale wodwala akulankhula bwinobwino, ndipo pajatu ameneyu ndi amene amadzuka pamalo a ngozi, kucheza ndi anthu, kenako n'kukomoka pakapita maola. Kuchuluka kwa magazi mumakuyerekeza ndi masamu ophweka: kutalika kuchulukitsa ndi kutambalala kuchulukitsa ndi kuya, m'masentimita, n'kugawa pawiri. Kuimba foni n'kunena kuti "pali magazi ambiri" n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti "mnyamata wa kabaza wa zaka 24, analibe helemeti, GCS, muyeso wa kutsitsimuka kwake, yatsika kuchoka pa 14 kufika pa 10, extradural kumanzere, mamililita pafupifupi 40, mzere wasuntha mamilimita 7, ma cistern afinyika." Wachiwiriyu amadzutsa munthu pabedi. Kwa ine cholinga chonse chophunzirira CT uli wophunzira ndi chiganizo chimenechi, osati kulanda ntchito ya radiologist.

Za subarachnoid, magazi otayikira m'madzi ozungulira ubongo, ndi za magazi a BP ndidutsa msanga poti n'zosavuta kuzipeza: yoyamba imadzaza ma cistern ndi mikwingwirima ndi zoyera pamene payenera kukhala pakuda, yachiwiri imakonda malo ake odziwika, basal ganglia, thalamus, pons ndi cerebellum. Sitiroko yotsekeka mtsempha ndiyo yovuta, chifukwa maola oyambirira sikani imaoneka ngati yabwinobwino. Radiopaedia ili ndi ma case abwino a zizindikiro zoyambirira, monga middle cerebral artery yowala chifukwa muli chibuluma, kufufutika kwa malire a grey ndi white matter pa insula, ndi lentiform nucleus yosaonekanso bwino. Imafotokozanso ASPECTS, sikelo ya mapointi 10 yoyezera kukula kwa chigawo chimene sitiroko yakhudza. Ndinaziphunzira, ndipo pa mayeso zimathandiza. Kunena zoona, odwala athu ambiri a sitiroko amafika patapita masiku, pamene chigawo chakufacho chada kale moti aliyense angachione. Funso lenileni kwathu limakhala lakuti, ndi magazi kapena ndi kutsekeka, tipereke aspirin kapena tisapereke.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena za malire ake, ndipo ena mwa malirewa si vuto la eni webusaiti, ndi mmene dziko lilili. Ma case amachokera kumene kuli makina ndi madokotala okhala ndi nthawi yotumiza zithunzi. Ndiye mukangotsatira zimene zikubwera pamwamba, mudzadziwa bwino glioblastoma ndi multiple sclerosis, koma wodwala wa pabedi lachitatu m'wodi yathu ndi mayi wa zaka 32 amene anasiya ma ARV, akudandaula mutu, wayamba kugwa khunyu. Matenda ake alimo mu Radiopaedia, koma muyenera kuwafuna ndi dzina. Lembani "toxoplasmosis" muone timphete tambiri towala pambuyo pa contrast, mankhwala obaya mumtsempha kuti zinthu ziwale pa sikani, kawirikawiri cha ku basal ganglia, titazunguliridwa ndi kutupa kwakuda. Lembani "tuberculoma", lembani "CNS lymphoma", muone mmene zitatuzi zimafananira mpaka CT payokha singakuuzeni motsimikiza, n'chifukwa chake kuwodi timayamba mankhwala a toxo n'kuona ngati pakatha sabata ziwiri pali kusintha. Lembani "tuberculous meningitis" muone pansi pa ubongo pakuwala ndi contrast, ma ventricle atatupa, ndi timasitiroko ting'onoting'ono mkati. Ndipo dziwani kuti cryptococcal meningitis, imene tili nayo yambiri, nthawi zambiri sikani yake imatuluka yabwinobwino munthu ali pafupi kufa. Yankho lake lili m'madzi a pamsana ndi CrAg, kuyeza kofufuza kachilombo kake, osati pa chithunzi. Ma case ambiri a matendawa ali pa MRI, ndiye muzisefa kuti mutsale ndi a CT okha, poti ndiyo mudzaigwire.

Neurocysticercosis ndiyo ndimalimbikitsa aliyense amene adzagwire ntchito kumene anthu amaweta nkhumba zongoyendayenda, kuno kapena kum'mawa kwa Zambia. Munthu wamkulu akayamba khunyu mwadzidzidzi, sikani n'kuonetsa timadontho toyera tobalalika kapena kathumba ka madzi kokhala ndi kadontho mkati, ndi imeneyo. Ma case a ku India ndi a ku Latin America ndi ambiri pa webusaitiyi ndipo ndi omveka bwino. Chimene anthu amasokoneza, ngakhale ophunzira anzanga: kudya nyama ya nkhumba yosapsa kumakupatsa njoka ya m'mimba, Taenia solium, koma ya mu ubongo imabwera pomeza mazira ochokera m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo. Munthu woti sanalawepo nkhumba chibadwire akhoza kukhala nayo.

China chimene sindichiona chikutsindikidwa mokwanira kulikonse pa intaneti ndi kuchepa kwa magazi. Magazi amawala pa CT chifukwa cha haemoglobin. Wodwala akakhala ndi haemoglobin (Hb) yotsika kwambiri, cha m'ma 8 kupita pansi, magazi otayika lero lomwe akhoza kuoneka otuwa ngati ubongo. Kunja ndi nkhani ya m'munsi mwa tsamba. Kwathu, kumene Hb ya 7 timaiona tsiku lililonse, ndi chinthu choyenera kuchikumbukira pa sikani iliyonse ya ngozi.

Malire ena ndi a makina enieniwo. Pa ma case ambiri mumaona window imene mwini case anasankha. Akaika ya ubongo ndi ya mafupa, ndi zomwezo. Simungaike kachizindikiro pa chinthu n'kuwerenga nambala yake, simungafinye window kuti malire a grey ndi white matter aoneke bwino. Ndiye manambala onse ndinakamba aja mumawadziwa m'mutu koma m'manja mulibe. Njira yake ndi kuika pa laputopu pulogalamu yowerengera mafayilo a DICOM, omwe ndi mafayilo enieni a sikani, monga Weasis kapena MicroDicom, amene a Mac amagwiritsa Horos, n'kupempha a ku radiology akuloleni kukhala pambali pawo pamene akugwira ntchito. Ma radiographer amadziwa zambiri kuposa mmene ophunzira timawaganizira, ndipo mukawapatsa ulemu adzakuonetsani mabatani onse. Chonde, sikani ya wodwala isalowe mu gulu la WhatsApp ili ndi dzina lake pakona.

Palinso kukongola kwa zithunzi. Za pa webusaiti zambiri ndi zooneka bwino, wodwala anagona phee. Wathu wa ku casualty waledzera, akulimbana ndi ma nesi, mutu ukugwedezeka, chithunzi chatuluka ndi mizeremizere, pansi pa chigaza pali mithunzi ya mafupa imene ikuphimba cerebellum yonse. Fufuzani "motion artifact" ndi "beam hardening" kuti muzolowere zonyansazo. Ndipo muziyang'ana kachizindikiro kamene kali pa case iliyonse konena ngati matendawo ndi otsimikizika, pafupifupi otsimikizika kapena ongoganiziridwa. Poyamba muzisankha otsimikizika. Ndimayamikira kuti amanena poyera chonchi, mabuku ambiri sanena.

Bandulo imapita, ndisakunamizeni. Case imodzi ya CT ndi zithunzi zambiri, ndipo iliyonse imayenera kutsika yonse kuti chala chiyende bwino. Netiweki ikakhala yofooka, zithunzi zimadumphadumpha ndipo phindu lonse la kusereretsa lija latha. Ine ndimatsegula ma case angapo m'ma tab osiyana ndili pa wifi ya kusukulu, n'kukawaona kuhostel osatseka laputopu. Pa foni zimatheka, ndipo pa minibasi ndaonapo ma case ndithu, koma subdural yopyapyala pa sikirini ya m'manja padzuwa simungaione. Foni ndi yobwerezera zimene mukudziwa kale.

Za makosi awo: ali ndi mavidiyo olipira, kuphatikizapo a emergency radiology amene Andrew Dixon, dokotala winanso wa ku Melbourne, amaphunzitsa nawo, komanso msonkhano wa pa intaneti wa chaka ndi chaka. Chosangalatsa n'chakuti anthu a m'mayiko osauka ndi apakati oposa 100 amawapatsa mwaulere, ndipo Malawi ali m'gulumo.  Gawo la m'mutu la kosi ya emergency ndi labwino kwambiri chifukwa mumamva katswiri akuganiza mokweza, akunena kumene diso lake layamba, chimene chamukayikitsa, chifukwa chake wabwereranso zithunzi ziwiri m'mbuyo. Chingerezi chake ndi cha ku Australia ndipo chimathamanga, ndiye khutu limatenga kanthawi kuti lizolowere. Mavidiyo ndiwonso amadya bandulo kuposa ma case.

Wina anandifunsa kuti nanga Radiology Masterclass ya ku Britain bwanji. Ndi yabwino, ndipo kwa munthu woyamba kumene mwina ndi yofatsa kuposa iyi, chifukwa imakutenga pa dzanja kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, zithunzi zake zili ndi mizere yosonyeza chilichonse. Ndinganene kuti muyambe kumeneko kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti mudziwe mayina a zigawo, kenako musamukire ku Radiopaedia kumene kuli unyinji wa ma case.

Kwa a chaka choyamba ndi chachiwiri, gawo la anatomy lokhala ndi zithunzi zolembedwa mayina ndi lokwanira, zinazo zikusokonezani. Kwa amene ayamba kuwodi, makamaka pa surgery, medicine ndi ku casualty, tsegulani akaunti lero, pangani playlist yanuyanu, ndipo muziikamo case yofanana ndi wodwala aliyense amene mwamuona ali ndi sikani. Yanga ndinaigawa patatu: za ngozi, za sitiroko, ndi za HIV ndi TB. Ma clinical officer a m'maboma amene amalandira odwala obwerera kuchokera ku chipatala chachikulu ali ndi CD m'manja koma lipoti lisanatuluke, gawo la ngozi ndi la hydrocephalus, kuchuluka kwa madzi m'ma ventricle, likuthandizani kudziwa amene ayenera kubwezedwa ndi ambulansi usiku womwewo.